Nyemba za ku Bositoni ndi suti ya aBanda

Thumba la nyemba tinali titaligwira awiri, ine kumutu, amuna anga aBanda kumatako, thukuta likuchita kuyenderera m'maso, pamene ndinangoima chilili pakati pa msika wa ku Wusakile, kuno ku Kitwe.

"Tiyeni, amake Dalitso, msana ukuthyoka uwu!"

"Tadikirani, ndikuwerenga."

"Mukuwerenga chiyani nthawi ngati ino?"

"Chifuwa chanu."

Anzanga, musandiseke. Chiyambireni sukulu ya akuluakulu, imene kuno timati shibukeni, palibe chilembo chimene chimandidutsa. Kumbuyo kwa minibasi ndiwerenge, pepala la mankhwala ndiwerenge, thumba la feteleza ndiwerenge. Tsikulo aBanda anavala sikipa ya pasalaula, zovala zakale zochokera kunja zija, ndipo pachifuwa panali chithunzi cha mphika ndi zilembo zikuluzikulu: BEANTOWN. Theka la mawuwo ndinkaliona pa matumba anga a malonda, theka linalo pa minibasi zopita m'tauni. Tauni ya nyemba? Ine wogulitsa nyemba moyo wanga wonse, za ku Solwezi, kabulangeti wa ku Mbala, zoyera, zamawangamawanga, osaidziwa tauni yanga? Thumba tinaliponya pansi, sikipa ndinawavula titafika kunyumba, ndinaichapa, Lachinayi ndinapita nayo kukalasi.

Aphunzitsi athu ndi aMwansa, mayi wachibemba amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, munthu wabwino zedi koma wolankhula ngati akutunga madzi m'chitsime chakuya. Anaiyala sikipayo patebulo, anavala magalasi, anafufuza mu foni, kenako anati:

"Uwu ndi mzinda wa ku Amereka. Dzina lake lenileni ndi Bositoni. Ili la nyembali ndi dzina longoupatsa. Akuti anthu akale kumeneko anali opemphera kwambiri, ndipo pa Sabata sankagwira ntchito iliyonse, ngakhale kusonkha moto. Ndiye nyemba ankaphika Loweruka, kuthiramo molasesi, madzi akuda otsekemera otsala popanga shuga aja, n'kuzisiya zigone zili zofunda. Lamulungu ankangopakula, onse n'kupita kutchalitchi, wopanda wotsala kumoto. Koma chimene muyenera kumvetsa n'chakuti..."

Chimene ndinayenera kumvetsacho sindinachimve. Ndinali nditaima kale, chikwama kukhwapa.

"Amake Dalitso, sindinathe."

"Ndamva, aphunzitsi, ndamva zonse. Zikomo!"

Ndikuuzeni chimene chinandithamangitsa. Ife ndife a mpingo wa Reformed, makolo athu anabwera nawo kuchokera kum'mawa, ndipo ine ndili m'Chigwirizano cha amayi kuyambira Dalitso ali kumsana. Koma tsiku lililonse lalikulu, malo anga amakhala kuseri kwa tchalitchi, pa moto. Maulaliki onse abwino ndinawamvera pazenera, utsi uli m'maso, chipande chili m'manja. Chaka chino, pa Lamulungu limene amayi amatsogolera mapemphero, wapampando wathu Amayi Tembo anandisankha ine kuti ndikawerenge Mawu kutsogolo. Ine! Munthu amene ndinkagwira buku la nyimbo chadodolido n'kumangogwedeza milomo! Ndime yanga ndinaiwerenga mpaka pepala linada ndi zala.

Vuto linali lakuti tsiku lomwelo kunkabwera alendo, amayi ndi akulu ampingo a ku Lubuto ku Ndola, ndipo alendo amadya. Amayi Tembo anandiitanira pambali.

"Amake Dalitso, nyemba za gulu palibe wina amene amazitha. Mukamawerenga Mawu, moto asonkhezera ndani? Sankhani chimodzi. Mukafuna, ndime ija tipatse wina, inu mudzawerenga chaka chamawa."

Chaka chamawa? Ndani anandilonjeza kuti maso anga adzakhala akuona chaka chamawa? Ndinawayankha kuti ndichita zonse ziwiri, ngakhale sindinkadziwa kuti ndizichita bwanji. Ndiye aphunzitsi atangoti "wopanda wotsala kumoto," ndinaona ngati kumwamba kwandiyankha kudzera pachifuwa cha aBanda.

Lachisanu ndinazungulira msika kufunafuna molasesi. Mnzanga wogulitsa kapenta pafupi nane anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bana Dalitso, na imwe mwatampa ukukumba ubwalwa?"

Ankandifunsa ngati nanenso ndayamba kufulula mowa, poti kuno ofuna molasesi ndi otcheza kachasu basi. Munthu wanzeru akanamva chenjezo pamenepo. Ine ndinangoti shuga wa bulauni ndi mchimwene wake wa molasesi, ndinagula wokwanira ukwati.

Loweruka ndinalawirira. Mphika waukulu wa mpingo pamafuwa, nkhuni zabwino, nyemba za ku Solwezi zosankhidwa imodziimodzi. Zinapsa bwino, sindinama, zinachita kufewa ngati mapeyala. Ndinathira tomato, anyezi, mafuta, kenako shuga yense uja. Nditalawa, lilime linadabwa, silinadziwe ngati ndi ndiwo kapena phala la mwana. Ndinati ndi mmene amadyera anthu opemphera.

Masana kunabwera uthenga wakuti Amayi Tembo akuufuna mphika, mawa aphikiramo nkhuku. Chabwino. Ndinatenga ndowa yanga yaikulu ya pulasitiki, ya chivindikiro chothina chija, chimene potsegula umachita kuchiluma ndi zala, n'kukhuthuliramo nyemba. Zitazirala pang'ono ndinaona kuti zalimba, msuzi wachepa. Kupita pa pompi, pompi inangondipumira mphepo. Madzi a m'nyumba ndinali nditachapira yunifomu ya Chigwirizano. Ndidikire madzi abwere, ine? Pakona panali chigubu cha munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa, umene ndinakonzera alendo omwewo. Ndinaganiza kuti munkoyo ndi wotsekemera, nyembanso n'zotsekemera, onse akupita m'mimba imodzi, cholakwika n'chiyani? Ndinathira. Ndinavundula. Ndinatseka kuti gwa.

Kenako ndinakumbukira kuti aphunzitsi anati zimagona zili zofunda. Ndinachotsa mabulangete pabedi, ndinaifunditsa ndowa ija ngati mwana wodwala malungo, pamwamba n'kumanga ndi chitenje.

aBanda anali ataima pakhomo akundionerera. Iwo ndi dikoni, ndiwo amasunga kiyi wa vesitili, kachipinda ka kuseri kwa gome kamene abusa ndi akulu ampingo amapemphereramo asanalowe.

"Atate ake Dalitso, tengani wilibala. Ndowa iyi ikagone kutchalitchi. Mawa sindinyamula katundu nditavala zoyera."

"Amake Dalitso, nyemba zophika zimagona mu Okutobala?"

"Ku Bositoni zimagona."

"Kuno n'ku Wusakile."

"Inu munapita kukalasi kapena ndinapita ndine?"

Anatenga wilibala. Amuna anga ndi munthu amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka imvi, amadziwa kuti mwala ukayamba kugubuduka umangoupatsa njira. Ndowa anaiika pakona ya kachipindako. Kachipinda ka malata, kopanda siling'i, zenera lake linakana kutseguka kalekale, ndipo dzuwa la Okutobala limakawomba kuyambira m'mawa. Ine ndinaona kuti m'pabwino zedi, sizizizira.

Kodi ine sindidziwa kuti nyemba zimasasa? Ndimadziwa! Makasitomala anga ndimawauza tsiku ndi tsiku. Kodi sindidziwa kuti chotsekemera ukachithira munkoyo n'kuchifunditsa pa malo otentha chimasanduka chiyani? Ndi mmene agogo anga ankaphikira zinthu zimene ife a Reformed sititchula. Koma nzeru zikakhala zochokera ku Amereka, za kwanu umaziika m'thumba.

Lamulungu ndinavala bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku wosita bwino. aBanda anavala suti yawo yotuwa, imene anagula popuma ntchito ku mgodi, imene imatuluka m'sutikesi pa mgonero ndi pa maliro a anthu ofunika basi. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Akazi anga akuwerenga lero," anatero, akupukuta nsapato.

Pa tchalitchi, basi ya ku Lubuto inali itafika kale. Amayi Tembo anandithamangira, maso ali pa mafuwa anga opanda moto.

"Nyemba zili kuti?"

"Zinapsa dzulo, amayi. Zikupumula. Lero mudya nyemba za ku Bositoni."

Ndinalankhula mokweza kuti alendo amve, ndipo anamvadi. Dzina limenelo ndinalitchula kwa aliyense amene ndinagwirana naye chanza. Nawonso aphunzitsi aMwansa anabwera, ngakhale amapemphera mpingo wina, anakhala pa benchi yakutsogolo. Anandigwira dzanja n'kundinong'oneza:

"Musathamange ngati mukuthamangira basi. Pa kadontho kalikonse imani, pumani, muyang'ane anthu. Lero lokha, amake Dalitso, fatsani."

Tili pa nyimbo yoyamba ndinamva kafungo kena kake. Ndinati mwina mphepo yachokera ku bawa ya kuseri kwa msika. Pa pemphero ndinamva kaphokoso, psii, psii, ngati tayala la njinga likuphwa. Ndinatsegula diso limodzi, ndinaona aBanda akunyamuka pa mpando wa madikoni, akunyang'ama, n'kulowa m'kachipinda kaja. Sindinaganize kanthu. Mtima wanga unali pa ndime.

Kenako dzina langa linatchulidwa.

Anzanga, kuchoka pa benchi kukafika kugome ndi pafupi, koma tsiku limenelo kunatalika ngati ku Solwezi. Nditaima, ndinaona mitu yokhayokha, maduku oyera mpaka kukhomo. Chitseko cha kachipinda chinali chotseguka pang'ono kumanzere kwanga, ndipo pa mpata umenewo ndinaona aBanda atakhala pa ndowa yanga, mabulangete ali pansi, manja atagwira m'mphepete uku ndi uku. Ndinati taonani chikondi, mwamuna wasiya mpando wake kuti adzandione pafupi.

Ndinayamba. Liwu loyamba linatuluka lonjenjemera, lachiwiri linaima bwino. Pa kadontho koyamba ndinaima, ndinapuma, ndinayang'ana anthu. aMwansa anagwedeza mutu. Ine amene sindinadikirepo tiyi kuti azizire, amene ndimatsika minibasi isanaime, tsiku limenelo ndinafatsa. Mawu aliwonse ndinkawatulutsa ngati ndikusankha nyemba m'lichero. Ndipo ankamveka! Amayi ena kumbuyo anati "Ame," ine mtima unachita kutupa.

Nditayang'ananso kumanzere, aBanda anali thukuta lokhalokha, ndipo ankachita ngati akukwera n'kutsika pang'onopang'ono, ngati munthu ali pa minibasi mu msewu wa maenje. Anatukula dzanja limodzi n'kulizunguza mofulumira, kenako n'kulibweza msangamsanga pa ndowa. Ndinati akundilimbikitsa, akuti pitirizani chomwecho. Ndinawamwetulira, n'kufatsa kuposa poyamba. Mawu ena aatali ndinawabwereza kawiri kuti alendo a ku Ndola amve bwino.

Anandiuza pambuyo pake zimene anapeza m'menemo. Akuti ndowa inali itatupa ngati mbuzi yakufa, chivindikiro chitakwera pakati, thovu likutuluka m'mbali, m'kati mukulira ngati m'mimba mwa munthu wodwala. Anafuna kuitulutsa, koma khomo la kachipindako ndi limodzi, lotulukira kugome komwe ine ndinali nditaima. Anadziwa kuti chikaphulika mapemphero athera pomwepo, ndipo ndime yanga ithera pakati. Ndiye anachita chimene munthu wa mu mgodi amachita denga likayamba kulira: anachirikiza. Anakhalapo ndi thupi lonse.

Ndinafika pa kadontho komaliza. Ndinatseka buku. Mpingo wonse unati "Ame!" ndipo amayi a Chigwirizano analephera kudzigwira, nthungululu zinalira. Ndinaona aMwansa akupukuta magalasi. Abusa anatchula nyimbo n'kunena kuti tonse tiimirire.

aBanda moyo wawo wonse akamva kuti tiimirire, amaimirira. Miyendo inamvera abusa mutu usanaganize.

Phuu!

Chivindikiro chinakamenya malata, phokoso lake ngati bomba la ku mgodi. Ana analira, amayi ena anagwada pansi pa mabenchi, woyambitsa nyimbo anatsala kukamwa kuli yasa. Kenako fungo linatuluka m'kachipindamo n'kuyenda benchi ndi benchi, fungo limene aliyense wa m'komboni amalidziwa ngakhale atakhala woyera mtima chotani. Mkulu wampingo wina wa ku Lubuto, bambo wokalamba wa ndodo, ananunkhiza kawiri n'kufunsa mokweza:

"Abusa, kodi kuno ku Kitwe mumafululira m'vesitili?"

Chitseko chinatseguka. aBanda anatuluka pang'onopang'ono, miyendo itatangadza. Nyemba kumutu, nyemba m'makutu, nyemba m'thumba la jekete, thovu likutsika ndi thalauza mpaka mu nsapato. Suti yotuwa ija inali yofiirira kuyambira pakolala. Anaima pafupi ndi gome, anachotsa kachidutswa ka anyezi pa chikope, anandiyang'ana, n'kunena ndi ulemu wonse:

"Mwawerenga bwino, amake Dalitso. Koma panalibe ndime yaifupi?"

Abusa anabisa nkhope mu kampango, mapewa akugwedezeka. Atatha kupuma anati nyimbo tikaimbire panja pansi pa mtengo. Ine ndikanakonda pansi patang'ambika. Ndinayamba kufotokoza kuti si mowa, ndi nyemba, za ku Bositoni, anthu opemphera, Loweruka, koma ndikamalankhula anthu ankangosekabe. Amayi Tembo anangondipatsa tsache ndi chidebe. Alendo anadya kabichi ndi kanthuli ka nkhuku, ife a Chigwirizano tinakolopa khoma, tebulo, chipewa cha abusa chimene chinali pa msomali, mpaka malata. Nyemba zina zikadali m'mwambamo, zinauma, tikamapemphera ndimaziona.

Madikoni anzawo anawatengera aBanda kuseri kuti awatsire madzi. Atavula jekete ndi shati, mkati anali atavala sikipa ija m'malo mwa vesiti. Mphika pachifuwa, zilembo zija poyera, achinyamata a kwaya ataima mozungulira akuwerenga. Basi, zinathera pomwepo.

Lachinayi ndinapita kukalasi mutu uli pansi. aMwansa anadikira kuti onse akhale, anavala magalasi, n'kunena:

"Amake Dalitso, ndimalize tsopano?"

"Malizani, aphunzitsi."

"Chimene munayenera kumvetsa n'chakuti ku Bositoni kumazizira mpaka madzi kuuma. Ndipo nyembazo sankazifunditsa bulangete. Zinkagona mu uvuni wa njerwa wotentha, zikupsabe pang'onopang'ono mpaka m'mawa."

"Nanga munkoyo?" anafunsa mnzanga wina kumbuyo, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete.

"Munkoyo sunalembedwe," anatero aMwansa osaseka. "Koma pali chinanso. Akuti dzinali eni mzinda salikonda kwenikweni, amalitchula kwambiri ndi alendo. Mzindawo uli ndi masukulu akuluakulu, zipatala zotchuka, doko la sitima zapamadzi. Koma alendo anadya nyemba, anapita kwawo, n'kumakanena za nyemba. Dzina lotere sudzipatsa wekha, ndipo likakumata silichoka."

Ndinafuna kuwauza kuti zimenezo ndazidziwa kale popanda foni. Chifukwa alendo a ku Lubuto nawonso anapita kwawo. Pofika sabata yotsatira nkhani inali itazungulira Ndola n'kubwerera ku Kitwe pa basi. Ndipo chondipweteka n'chakuti dzina silinagwere ine wophika. Anthu sakumbukira amene anathira shuga, amakumbukira amene anatuluka m'kachipinda. Bambo amene anatsika pansi pa nthaka mpaka imvi, analera ana, dikoni wosaphonya Sabata, lero palibe amene amawatchula aBanda. Kutchalitchi ndi aBositoni. Kumsika ndi aBositoni. Tsiku lina tikudikira minibasi, kondakitala amene sitimudziwa n'komwe anatulutsa mutu pazenera:

"Ba Bositoni, ingileni mukwai, lowani, pali malo! Koma chidebe chikhale panja!"

Suti ndinaichapa ndi sopo wa mtundu uliwonse, ndinaiviika, ndinaiyanika padzuwa mpaka inayamba kutuwa kwina. Kumatako kwa thalauza kunatsala chizindikiro chozungulira, kukula kwake ndendende chivindikiro cha ndowa, ndipo kukatentha agalu a m'njira amaitsatira. Inabwerera m'sutikesi, sidzatulukanso. Ndinawapepesa mpaka kulira. Iwo anangoti:

"Ndime munaimaliza kapena simunaimalize?"

"Ndinaimaliza."

"Basi. Suti sinapite pachabe."

Amayi Tembo andilembanso kuti ndiwerenge pa Khirisimasi, ndipo akuti nyemba aphika okha, zipse zisapse. Ine ndalumbira pamaso pa kalasi yonse kuti sindidzanyamukanso aphunzitsi asanavule magalasi, ngakhale msika utapsa. Ndipo za pachifuwa cha munthu ndasiya kuwerenga. Dzulo aBanda abwera ndi sikipa ina ya pasalaula, yojambulidwa nkhumba ya mapiko ndi dzina la mzinda wina. Anaivala chakunja mkati, zilembo zili kukhungu.

"Bwanji mwatembenuza, atate ake Dalitso?"

"Suti ndinali nayo imodzi, amake Dalitso. Dzinanso ndinali nalo limodzi."